Wotumidwa Nayenso Apumule

Caka ciliconse cimanga cikalowa m'nkhokwe, nyengo ya maulendo a uthenga imayamba. Pakati pa Julaye ndi Seputembala, magulu a Akhristu a kuno kum'mawa kwa Zambia amanyamuka pa Katete, nadutsa pa cipata ca Chanida kulowa m'cigawo ca Tete ku Mozambique, ndipo ena amadzera pa Mwami kunka ku Malawi. Ambiri a ife amene tinaphunzira ulimi pano takhalapo m'magulu otere, Baibulo lili m'thumba, khasu ndi cingwe coyezera maenje zili m'manja. Masana timaphunzitsa za gamphani ndi kapangidwe ka manyowa, madzulo timalalikira. Koma pali funso limodzi limene timalizemba pokonza ulendo: kodi tidzapumula liti?

Timalizemba cifukwa timadziwa kumene ndalama za ulendo zinacokera. Amai a cigwirizano anagulitsa nshawa, wina anapereka nkhuku, wina tini ya nyemba. Munthu wotumidwa ndi thukuta la anzake amadziona ngati wakuba akakhala pamthunzi dzuwa likali pamutu. Motero timadzaza ndondomeko mpaka pakamwa: mapemphero a m'mbandakuca, maphunziro a kumunda, kuyendera makomo, ndi citsitsimutso ca usiku mpaka tambala woyamba. Masiku khumi amatha popanda ngakhale ola limodzi loti munthu akhale yekha ndi Mulungu amene akumulalikirayo.

Zipatso za mcitidwe umenewu tinaziona ndi maso athu pa ulendo wina wa ku Mozambique. Pofika tsiku lacisanu ndi cimodzi, mawu a olalikira anali atasasa. Akulu awiri amene kwathu amadyera mbale imodzi anakangana pamaso pa eni mudzi cifukwa ca mpando wa kutsogolo kwa galimoto. Mnzathu wophunzitsa gamphani, maso ali gwa ndi tulo, anasokoneza masentimita 70 a pakati pa maenje ndi masentimita 90 a pakati pa mizere. Akanapanda kumuwongolera wina, anthu aja akanalima caka conse ndi muyeso wolakwika, nati ndiwo anaphunzira kwa anthu a Mulungu. Kutopa kwa mlaliki kumathera m'munda wa munthu wina.

Cimene cinatipulumutsa cinali cinthu cimene poyamba tinaciyesa tsoka. Galimoto inathyoka citsulo, ndipo tinakakamizika kukhala tsiku lathunthu pamudzi umodzi popanda cocita. Tinagona mpaka dzuwa linakwera. Agogo ena a mumpingo wa kumeneko anatiphikira madzi osamba, natipatsa thobwa, kenaka anatikhazika pamphasa natipempherera mmodzimmodzi m'cinenero cathu comweci, pakuti malire anagawa dziko koma anasiya lilime la Acewa lili limodzi. Madzulo ake tinakhala kumbuyo m'kacisi wao waudzu, mkulu wao akulalikira, ife tikungomvetsera. Akulu awiri aja anagwirana canza usiku womwewo. Kufikira lero, tikamakumbutsana za ulendowo, tsiku limene tonse timayamba kulichula ndi limenelo.

Cifukwa cake tikunena poyera kuti ulendo uliwonse wopitirira sabata ukhale ndi tsiku limodzi lathunthu lopanda nchito, lolembedwa m'ndondomeko ndi lolengezedwa kumpingo ndalama zisanasonkhedwe. Tisamadikire kuti galimoto ithyoke.

Ife alimi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Makolo athu ankasiya munda kuti ukhale tsala, podziwa kuti nthaka yolimidwa kosalekeza imaguga. Pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anaonetsa kuti munda wogonekedwa zaka ziwiri pansi pa mitengo ya jelejele umabwezera cimanga cokolola bwino kuposa munda wolimidwa caka ndi caka popanda feteleza. Taonaninso msangu umene timalimbikitsana kubzala m'minda: umayoyola masamba mvula ikayamba, pamene mitengo ina yonse ikubiriwira, ndipo masamba ogwawo ndiwo amadyetsa cimanga ca pansi pake. Palibe mlimi amene amaucha msangu waulesi. Tsono n'cifukwa ninji zimene timalolera nthaka ndi mitengo timazimana matupi ndi mizimu yathu?

Malembo nawonso ali kumbali ya mpumulo. Pa Eksodo 34:21 lamulo la Sabata likuchula mwacindunji nyengo yolima ndi nyengo yokolola, nthawi zimene mlimi aliyense amakhala ndi cifukwa comveka cosapumulira. Levitiko 25 akulamula kuti nthaka yeniyeniyo ipumule caka cacisanu ndi ciwiri. Pa 1 Mafumu 19 Eliya, atatha mphamvu napempha imfa, anayamba wapatsidwa tulo, mkate ndi madzi kawiri konse, ndipo mawu a Mulungu anadza pambuyo pake ku Horebu. Pa Marko 6, ophunzira atabwera ku ulendo wao wolalikira, anthu anali kuwapanikiza kotero kuti anasowa ndi mpata wakudya womwe, ndipo Yesu anawatengera m'ngalawa kunka kwa okha. Ameneyo ndiye Mwini nchito, ndipo ndiye anayamba kuona kuti anchito ake atopa.

Mbiri ya njira imene timayendayi ikunena zomwezo. David Livingstone anafika ku Luanda m'mwezi wa Meyi 1854 atafooka ndi malungo, nakhala kumeneko mpaka Seputembala asanabwerere kumtunda. M'mwezi wa Marichi 1856 anafika ku Tete, nakhala koposa mwezi ndi theka m'manja mwa omuchereza asanatsike ndi Zambezi kukafika ku Quelimane. Timakumbukira makilomita amene anayenda, koma timaiwala miyezi imene anagona pa mphasa za anthu ena kuti apezenso mphamvu.

Tikudziwa kuti pali otsutsa, ndipo mawu ao ndi olemera. Ena akuti tsiku lopumula limasanduka tsiku logula zitenje ndi nsapato kumsika, kapena lojambulitsa zithunzi pa mlatho wa ku Tete. Zimenezi zimacitikadi, ndipo mpingo umene unagulitsa nshawa uli ndi ufulu wodandaula. Koma kuyendayenda mumsika dzuwa lonse ndi kutopa kwa mtundu wina cabe. Mpumulo umene tikunena uli ndi maonekedwe ake: kugona mokwanira, kucapa zovala, kuwerenga Mawu popanda kufunamo ulaliki wa mawa, kupepesana pamene tinalakwirana, ndi kulola eni mudzi kutitumikira.

Ena akuti masiku ndi ocepa, anthu ofuna thandizo ndi ambiri, ndipo ngakhale Yesu khamu linamutsatira kumalo kopumulirako, iye nalidyetsa. N'zoona, ndipo wodwala akagogoda pa tsiku lathu lopumula tidzamutsegulira. Koma tiwerenge mutuwo mpaka kumapeto: atabalalitsa khamulo, anakwera m'phiri yekha kukapemphera. Mpumulo unacedwa, koma sunafafanizidwe. Komanso kawirikawiri cimene cimatikaniza kupumula ndi kunyada kobisika, kuganiza kuti Mulungu anafika m'mudzimo pa tsiku limene galimoto yathu inafika, ndipo adzacoka ife tikacoka. Mipingo ya kutsidya kwa malire inapirira zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, ambiri mwa anthu ake atathawira kuno kwathu ndi ku Malawi. Anthu otere ali ndi zambiri zotiphunzitsa za cikhulupiriro, koma mlendo amene pakamwa pake sipatseka sangazimve.

Tikumbukirenso cimene cimatidikira kwathu. Timabwerera kumapeto kwa Seputembala, kutentha kwa Okutobala kuli pakhomo, maenje athu asanakumbidwe, manyowa asanatutidwe. Wobwera wolefuka amafikira kukalipira ana ndi kucedwa kubzala, ndipo anansi amene amamva kuti anapita kukaphunzitsa ena ulimi amayang'ana munda wake napukusa mutu. Caka cotsatira akaitanidwa ku ulendo wina amapeza zifukwa.

Tsono inu amene mukukonza maulendo a caka cino, ophunzira a tsopano ndi akale omwe, tengani pepala la ndondomeko musankhe tsiku lapakati pa ulendo, mulisiye loyera. Kauzeni abusa ndi amai a cigwirizano cifukwa cake musananyamuke. Tumizani mawu kwa okulandiraniwo kuti pa tsikulo guwa ndi lao, ndipo inu mudzakhala pa benchi la kumbuyo.