Tameki kapena ombwe: nkhondo ya makoswe yafika pamphambano

Chimanga chikangolowa m'nyumba, malonda a mankhwala a makoswe amayamba kutentha. Pafupifupi pamsika uliwonse wa m'tauni, pambali pa ogulitsa singano, mabatire ndi machesi, sipalephera kukhala munthu amene wayala timapepala ta timibulu takuda. Dzina lake ndi lodziwika ngakhale kwa ana: tameki.

Ogula sangadzudzulidwe kwambiri. Banja limene lidaona njala ya mu 2024, pomwe boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Nino, silingaonerere khoswe akuboola thumba la chimanga kapena mfuko ikumaliza mbatata kudimba. Komanso khoswe amaswana modabwitsa. Bere lake ndi la milungu itatu yokha ndipo amatha kuswa ana oposa asanu nthawi imodzi.

Vuto ndi loti tameki sadapangidwire makoswe. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu. Ukali wake ndi woti pang'ono pokha pamapha munthu. Mu 2010 kampani ya Bayer idagwirizana ndi boma la America zosiya kupanga mankhwalawa, ndipo mu 2011 adaikidwa pamndandanda wa mankhwala oopsa pansi pa pangano la Rotterdam. Kuno kwathu lamulo la Pesticides Act la mu 2000, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limafuna kuti wogulitsa mankhwala otere akhale ndi chiphaso ndipo mankhwalawo akhale ndi chizindikiro. Kapepala ka pamsika kalibe dzina, kalibe mlingo, kalibenso malangizo a chochita munthu akamwa mwangozi.

Zotsatira zake zimamveka kawirikawiri m'malipoti apolisi: mwana watola nsima yothira mankhwala kuseri kwa nkhokwe, wina wakhumudwa pankhani ya banja kapena ngongole ndipo poizoni ali pafupi pawindo. Amalawi okhala ku South Africa akukumbukira ana asanu ndi mmodzi amene adamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Ofufuza adapeza terbufos, mankhwala ena aulimi amene amagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe.

Palinso ngozi ina imene ambiri saiganizira. Khoswe akafa, utitiri umamuthawa nkukafuna magazi kwina, nthawi zambiri kwa anthu a m'nyumba momwemo. Umu ndi momwe mliri wa makoswe umafalira, ngati uja udagwira anthu 71 ku Nsanje pakati pa Epulo ndi Meyi 2002. N'chifukwa chake azaumoyo amati kukagwa mliriwu, woyamba kuphedwa akhale utitiri, khoswe pambuyo.

Nanga zomera za kudimba ndi kuseri kwa nyumba zingalowe m'malo mwa tameki? Yankho lake ndi lapakatikati.

Pankhani ya tizilombo, makolo sadalakwitse. Mphungabwi woikidwa pamakala kapena kupachikidwa pakhomo amathamangitsa udzudzu, ngakhale kuti mphamvu yake ndi ya kanthawi chabe ndipo sangafanane ndi neti yonyika m'mankhwala. Masamba a nimu ndi chanzi, owumitsa pamthunzi nkusinja, amachepetsa anankafumbwe m'nyemba ndi khobwe. Madzi onyikamo deliya kapena tsabola amathandiza pa nsabwe za m'masamba.

Koma mfumu ya zonsezi ndi ombwe, umene ena amautcha mthuthu. Chitsambachi chimabwezera chonde m'nthaka, masamba ake amapha tizilombo, ndipo alimi a chinangwa ku Zambia akhala akuubzala m'minda pofuna kuchepetsa mfuko. Chodabwitsa n'choti alimi ena amaulumbirira pomwe ena amati ndi bodza lamkunkhuniza. Onse akunena zoona. Kafukufuku amene adatuluka mu 2012, wa akatswiri a ku Kew, ku London, mogwirizana ndi anzawo a m'chigawo chino cha Africa, adapeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Wina uli ndi mphamvu yopha tizilombo, wina ulibe. Mlimi amene adalandira mbewu ya mtundu wachiwiriwu akhoza kupopera mpaka mkono kuwawa, osaona kusintha. Tsono nzeru ndi kutenga mbewu kwa mnzako amene ombwe wake waonetsa kale ntchito. Chenjezo ndi loti ombwe umaphanso nsomba, choncho zotsukira ndowa zisathiridwe mumtsinje kapena padamu.

Kwa khoswe wa m'nyumba, zomera zonunkhira sizipita patali. Mauthenga amene amazungulira pa WhatsApp onena kuti timbewu tonunkhira kapena adyo amathetsa makoswe amakokomeza. Fungo limamusokoneza masiku ochepa, kenaka amazolowera, makamaka ngati kuseri kwa fungolo kuli chimanga. Njala ya khoswe imaposa mphuno yake.

Zimene zimagwira ntchito n'zosasangalatsa kumva chifukwa zimafuna thukuta. Nkhokwe ikhale pamiyendo yotalika pafupifupi mita imodzi, mwendo uliwonse utavekedwa chitini kapena lata yoyang'ana pansi kuti khoswe aterereke. Matumba asagunde khoma ndipo akhale pathandala. Udzu ndi zinyalala zozungulira dimba zichotsedwe. Misampha itcheredwe m'mbali mwa khoma, momwe khoswe amadutsa, tsiku ndi tsiku, osati pokhapokha thumba likabooka. Matumba osalowa mpweya a PICS amathandizanso chifukwa fungo la chimanga silituluka kwambiri, koma dzino la khoswe likawapeza limaboola ndithu.

Chovuta kwambiri m'matauni ndi kuchita zinthu pamodzi. Nyumba imodzi ikatchera misampha pomwe oyandikana nawo, chigayo ndi dzala la pamsika zili chikhalire, makoswe ena amangosamukira m'malo mwa ophedwawo. Apa mpomwe makhonsolo, amene amatolera ziphaso zamsika tsiku lililonse, akuyenera kufunsidwa za zinyalala zimene zimagona milungu osachotsedwa. Akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa makoswe a m'tauni ndi dzala la pamsika.

Mlenje wina amene akadathandiza amaphedwa ndi anthu omwewo. Kadzidzi amadya makoswe ndi mbewa usiku uliwonse, koma akangolira padenga amagendedwa pomuganizira za ufiti. Amene wapulumuka miyala amakafa atadya khoswe wa tameki, chimodzimodzi mphaka ndi galu wa pakhomo. M'madera momwe mbewa ndi ndiwo, poizoni wothiridwa m'munda akhoza kutsatira mpani mpaka pamsewu pomwe apaulendo amagula.