Blantyre amagona msanga, koma vuto si eni masitolo okha

Ikamakwana 8 koloko usiku, masitolo ambiri mumsewu wa Victoria Avenue komanso m'tauni ya Limbe amakhala atatseka kale. Kholo lomwe mwana wake watentha thupi pakati pa usiku ku Bangwe kapena ku Chirimba limapeza malo ogulitsira mankhwala ali otseka, minibasi nazo zitasiya kuyenda. Chotsala n'kufunafuna njinga yamoto ya kabaza, pamtengo wokwera, yopita kuchipatala cha Gulupu.

Sikuti mzindawu umagoneratu. Malo ena omwetsera mafuta, mahotela, malo omwera mowa ndi makina a ATM amagwira ntchito mpaka kucha. Airtel Money ndi Mpamba nazo sizigona, ngakhale ma ejenti ambiri amaweruka kukada. Koma ambiri mwa malo amenewa amathandiza munthu yemwe ali ndi galimoto yake, osati wa ku Ndirande woyenda wapansi.

Mwini sitolo amatsegula usiku pokhapokha akadziwa kuti ogula abwera, ndipo ogulawo amabwera akadziwa kuti akafika ndi kubwerera kwawo bwinobwino. Apa mpamene pagona nkhani. Minibasi zimayenda zikadzaza, choncho anthu akachepa pasiteji, madalaivala amakaimika galimoto. Sitolo imasowa ogula chifukwa kulibe mayendedwe, minibasi nayo imasowa okwera chifukwa masitolo ndi otseka.

Vuto lachiwiri ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kukonza kunatenga nthawi yoposa chaka. Wamalonda amene anadutsa m'nyengo imeneyo amadziwa kuti kutsegula usiku kumafuna jenereta ndi dizilo, yemwenso nthawi zina amasowa.

Chachitatu ndi chitetezo, ndipo mantha sachokera kwa akuba okha. M'chaka cha 2015, apolisi anamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, m'mbandakucha akupita kukachita malonda ake ku Limbe, pomuganizira kuti ndi vakabu. Mu Januwale 2017, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a Penal Code, yomwe anamumangira, ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulochi chinatsimikiza kuti kupezeka panjira usiku si mlandu, mfundo yomwe malonda a usiku sangayende popanda iyo.

Palinso nkhani ya ogwira ntchito. Lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti maola ogwira ntchito mwachizolowezi asapyole 48 pamlungu. Sitolo yotsegula usana ndi usiku iyenera kulemba gulu lina la antchito, zomwe zingabweretse ntchito zatsopano kwa achinyamata. Popanda kuyang'anira bwino, mabwana ena angangowonjezera maola a antchito omwe ali nawo kale, malipiro ali omwewo.

Mayiko ena anayamba ndi maziko. Mzinda wa London unayamba kuyendetsa sitima zapansi panthaka usiku wonse wa Lachisanu ndi Loweruka mu Ogasiti 2016, pozindikira kuti antchito ndi ogula amafunika kufika kwawo. Ku Ghana, Pulezidenti John Mahama anakhazikitsa ndondomeko ya chuma choyenda maola 24 m'chaka cha 2025 ngati ntchito ya boma, osati ya amalonda okha.

Blantyre sakufunika kutsegula sitolo iliyonse mpaka kucha. Khonsolo ya mzindawu ingayambe ndi malo ochepa omwe anthu amafikako kale usiku, monga depoti ya Wenela, msika wa Limbe ndi chipatala cha Gulupu: kuika magetsi a dzuwa m'misewu yake, kugwirizana ndi apolisi za kulondera, ndi kukambirana ndi eni minibasi za maulendo ochepa a usiku. Ogulitsa mankhwala nawo angamasinthane kutsegula, bola anthu adziwe yemwe ali pantchito usiku umenewo. Zimenezi zikakhalapo, eni masitolo adzawerengera okha phindu n'kutsegula zitseko.