Sistema ikagwa, amaidzutsa ndani?

Pali mau awiri amene akusowetsa mtendere anthu a m'midzi ya m'malire masiku ano, ndipo mauwo ndi akuti "sistema yagwa". Munthu amalawira m'mamawa kuchokera ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furancungo, walipira shapa ndi ndalama ya kachewere, waima pa mzere dzuwa likuswa mtengo, koma pofika pa zenera kalaliki amangotambasula manja. Chitupa sichituluka, ndalama siituluka, bwerani mawa. Kutsidya kwa Malawi amati "netiweki palibe", koma matenda ake ndi omwewo.

Ambiri amabwerera kwao akuganiza kuti kalaliki wachita ulesi kapena akufuna ya fanta. Nthawi zina zimatero ndithu. Koma kawiri-kawiri kalalikiyo amakhala alibe mlandu. Kompyuta imene ili pa tebulo pake ili ngati mpopi chabe, thanki yake ili kwina. Maina onse, zithunzi ndi mabuku a ndalama amasungidwa m'kompyuta ina yamphamvu imene imatchedwa seva, yomwe imakhala m'chipinda chokhoma, mwina m'tauni ya Tete, mwina ku Maputo. Seva ikaima, kapena njira yopita kwa iyo ikaduka, mipopi yonse imauma nthawi imodzi. Tsono pali munthu amene ntchito yake ndi kuisamala sevayo kuti isagwe, ndi kuidzutsa ikagwa. Munthu ameneyu saoneka pa zenera, koma ulendo wa mlimi uja uli m'manja mwake.

Zimenezi zinaoneka poyera pa 16 Novembala 2018, pamene makina ambiri otengera ndalama m'Mozambique muno anaima kwa masiku ngati asanu. Mabanki analumikizidwa pa njira imodzi yotchedwa Simo, koma pulogalamu yoyendetsa njirayo inali ya kampani ya ku Portugal, Bizfirst. Patabuka kusamvana pa za mgwirizano ndi malipiro, pulogalamuyo inatsekedwa. Anthu anali ndi ndalama ku banki, koma m'thumba munalibe ndi ya mchere yomwe. Ku Malawi nako, mu Febuluwale 2024, pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa masabata angapo mapasipoti sanatuluke, ndipo ofuna kupita ku Joni, ku sukulu kapena ku chipatala cha kunja anangogwira njakata. Akulu anati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Makina amene makiyi ake kapena nzeru zake zili ndi munthu wina, ngobwereka, ngakhale atagulidwa ndi ndalama za dziko.

Anthu a kumudzi nkhani imeneyi amaidziwa kale, chifukwa anaiona pa mjigo. Kale mjigo ukaonongeka mudzi unkadikira galimoto ya boma miyezi, amai akutunga madzi kudambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Livulezi m'boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Angonia, akatswiri anayamba kuyesa mjigo woti anthu a m'mudzi azikonza okha. Ntchito imeneyo ndiyo inadzabala mjigo wa Afridev, umene lero uli ponse-ponse ku Malawi ndi ku Mozambique. Mapulani ake sanabisidwe, fakitale iliyonse ikhoza kuupanga. Komiti ya mjigo ikakhala ndi sipanala imodzi ndi marabala atsopano, imazula ndodo, kusintha chotha, madzi ndi kutulukanso tsiku lomwelo. Koma pamene palibe wophunzitsidwa, ngakhale Afridev amachita dzimbiri.

M'dziko la makompyuta mulinso mjigo wotere, dzina lake Linux. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, imene mapulogalamu ena onse amatsamira. Yodziwika kwambiri m'maofesi ndi Windows ya kampani ya Microsoft, yomwe imagulidwa ndipo malemba a m'kati mwake ndi chinsinsi cha eni ake. M'chaka cha 1991 mnyamata wa zaka 21, Linus Torvalds, akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la pulogalamu yakeyake ndi kuliika poyera. Chaka chotsatira analiika pansi pa chilolezo chotchedwa GPL, chimene analemba Richard Stallman wa ku America. Lamulo la chilolezocho ndi lakuti aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamuyo, kuwerenga m'kati mwake, kuisintha ndi kugawirako anzake, koma wogawa zimene wasintha asabise malemba ake. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wina wa Linux wosavuta kuugwiritsa ntchito nautcha Ubuntu, mau amene m'Chichewa ndi umunthu.

Wina asaganize kuti chaulere ndi chachabe. Foni iliyonse ya Android imene ili m'thumba la mnyamata wa kabaza ili ndi Linux m'kati mwake. Kuyambira 2017 makompyuta 500 amphamvu koposa pa dziko lonse akhala akuyendera Linux, ndipo maseva ochuluka zedi a pa intaneti amayendera yomweyo. Koma monga mjigo uja, ufulu wotsegula m'kati ulibe phindu ngati palibe wodziwa kugwira sipanala. Pulogalamu ndi yaulere, mmisiri ndiye wosowa.

Apa ndi pamene nkhani ikufika ku Matundo. Amene amapita ku Tete kuchokera ku Zobue kapena ku Ulongwe amadutsa pa Matundo asanaoloke Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, umene unatsegulidwa mu 1973. Ambiri amaidziwa Matundo chifukwa cha fumbi, kutentha ndi magalimoto akulu-akulu a pa mseu wa nambala 7 wopita ku Moatize. Koma m'mbali mwa mseu womwewo muli sukulu ya ukachenjede ya boma, Instituto Superior Politécnico de Tete, imene anthu amangoti ISPT. Inakhazikitsidwa mu 2005 pamodzi ndi zinzake za ku Gaza ndi ku Manica. Inatchuka ndi maphunziro a migodi, kaamba ka malasha a ku Moatize, komanso a zowerengera ndalama, koma ilinso ndi maphunziro a uinjiniya wa makompyuta. Wolowa kumeneko ayenera kukhala atatsiriza kalasi 12 kapena maphunziro ofanana nayo. Mwana wa ku Angonia kapena ku Macanga sakuyeneranso kupita mpaka ku Maputo kuti akaphunzire zimenezi.

Nanga wosamala seva amaphunzira chiyani? Choyamba ndi kulankhula ndi makina popanda zithunzi. Pa seva ya Linux kawiri-kawiri pamangokhala chinsalu chakuda, ndipo mmisiri amalemba malamulo ndi zala, mzere ndi mzere. Chilembo chimodzi chikaphonyeka akhoza kufufuta ntchito ya chaka chathunthu, choncho ntchitoyi imafuna munthu wodekha. Chachiwiri ndi kugawa zilolezo. Wogwira ntchito aliyense amapatsidwa dzina ndi mau ake achinsinsi, ndipo amaloledwa kutsegula zokhazo zimene zikumukhudza, kuti wolemba odwala asasuzumire m'buku la malipiro. Kiyi wotsegula zitseko zonse amatchedwa root, ndipo ameneyu sabwereketsa, ngakhale kwa mlamu.

Kenaka amaphunzira zolumikiza makompyuta. Kompyuta iliyonse pa netiweki imafuna adiresi yake ya manambala, monga 192.168.1.10. Pali pulogalamu yotchedwa DHCP imene imagawa maadiresi amenewa monga nyakwawa amagawira malo, kuti awiri asakanganirane munda umodzi. Ina ndi DNS, kaundula amene amasandutsa dzina lolembedwa ndi munthu kukhala manambala omveka kwa makina. DNS ikasokonekera, mawaya onse amakhala abwino-bwino koma palibe amene amafika kumene akupita. Palinso Apache yoonetsa masamba a pa intaneti, Postfix yonyamula makalata, ndi Samba yothandiza makompyuta a Windows kutenga mafailo pa seva ya Linux. Pa chipata pamaikidwa mlonda wotchedwa firewall, amene amachita ngati a kasitomu a pa Zobue kapena Calomue: wa mapepala adutse, wopanda mapepala abwerere. Ndipo ndi pulogalamu ya SSH, mmisiri ali ku Matundo akhoza kukonza seva imene ili ku Ulongwe osakwera shapa.

Phunziro loposa onse ndi la mbeu. Mlimi wanzeru saika mbeu yonse m'nkhokwe imodzi, poopa moto ndi anankafumbwe. Wosamala seva nayenso amakopera zonse tsiku ndi tsiku ndi kusunga pa malo ena, ndipo nthawi ndi nthawi amayesa ngati zokoperazo zingabwezeretsedwe, monga mlimi amayesera mbeu ngati imera mvula isanagwe. Akuba a pa kompyuta akatseka mafailo ndi kufuna dipo, amene ali ndi nkhokwe yachiwiri sagwada. Ku Tete kulinso adani ena awiri, kutentha ndi magetsi. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo seva ikasowa mphepo yozizira imadzithimitsa kapena kupsa. Magetsi akamathima-thima pamafunika mabatire oti aigwirire mpaka itsekedwe bwino. Fumbi lolowa m'makina nalonso ndi ntchito ya mmisiri yemweyo.

Kodi ntchito ilipo? Makampani a mafoni monga Tmcel, Vodacom ndi Movitel, mabanki, migodi ya ku Moatize, damu la Cahora Bassa ku Songo, zipatala ndi maofesi a boma, onsewa ali ndi maseva ndi mawaya ofuna wowasamala. Ndalama iliyonse yotumizidwa pa M-Pesa, e-Mola, Airtel Money kapena Mpamba imadutsa m'seva. Ndipo luso limeneli lili ndi mizu kale kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a likulu la makompyuta la yunivesite ya Eduardo Mondlane ndiwo anabweretsa makalata a pa kompyuta m'Mozambique. Ku Lilongwe, kuyambira 2001, anthu amene anadzakhala bungwe la Baobab Health anaika makina olembera odwala pa chipatala chachikulu cha mumzindawo, ndipo ntchito yao inadzatsamira pa mapulogalamu osabisa ndi amisiri a m'dziko momwemo.

Ana a m'malire ali ndi mwai umene ena alibe. Malamulo a Linux ndi mabuku ake ambiri ali m'Chingerezi, pamene sukulu ndi maofesi a ku Tete amayendera Chipwitikizi. Mabanja ambiri a kuno anakhalapo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo mpaka lero ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Mwana womva zilankhulo ziwirizi wayamba kale ulendo. Mayeso a bungwe la Linux Professional Institute, amene satifiketi yake imadziwika m'maiko ambiri, amalembedwa m'Chingerezi ngakhalenso m'Chipwitikizi.

Sikuti ayambe wafika ku Matundo kuti ayambe kuphunzira. Kompyuta yakale imene ena aitaya kuti ikuchedwa imatha kunyamula Ubuntu kapena Debian bwino-bwino, ndipo kukopera mapulogalamu amenewa pa fulashi ya mnzako si kuba, chilolezo chake chimalola. Makompyuta awiri ndi waya mmodzi ndi netiweki kale. Aononge, akonze, aonongenso, chifukwa ndimo amaphunzirira amisiri onse. Ndipo ntchitoyi siifuna minofu: m'makomiti a mijigo amai ndiwo amagwira sipanala m'midzi yambiri, tsono mwana wamkazi asatsalire.

Makolo ogulitsa fodya, soya kapena ng'ombe kuti alipirire mwana achenjere ndi timasukulu ta m'makhonde tolonjeza satifiketi ya makompyuta m'masabata awiri. Kudziwa kutaipa kalata si kusamala seva. Asanatulutse ndalama afunse mafunso atatu. Kodi sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma? Kodi ophunzira amagwira makina ndi manja ao, kapena amangokopera za pa bolodi? Kodi amatumizidwa kukayesera ntchito pa kampani kapena pa ofesi asanatsirize? Mphunzitsi weni-weni sakwiya ndi mafunso otere.

Chotsiriza ndi khalidwe. Wosunga kiyi wa root amaona malipiro a anthu, matenda ao ndi makalata ao. Mozambique ili ndi lamulo la 2017 la zochitika pa makompyuta, Malawi ili ndi lake la 2016, koma lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale. Mwana amene anazolowera kubweza chenji chonse akatumidwa ku msika ndiye woyenera kiyi ameneyu, ndipo phunziro limenelo silichokera ku ISPT, limachokera pakhomo. Mmera mpoyamba. Mudzi umene unasankha anthu awiri kapena atatu kukaphunzira za mjigo sunadikirenso galimoto ya boma, ndipo boma la Angonia, Tsangano kapena Chifunde likadzakhala ndi ana ake odziwa kudzutsa seva, "bwerani mawa" adzachepa pa zenera.