Mphatso ya Bambo Scudamore Inali Yochititsa Manyazi

Bambo Richard Scudamore anatsogolera ligi yaikulu ya mpira wa miyendo ku Mangalande, ya Premier League, kuyambira mu 1999 kufikira kumapeto kwa 2018. Pamene ankatula pansi udindo, matimu 20 a mu ligiyo anapemphedwa kusonkha mapaundi 250,000 timu iliyonse, kuti mkuluyu apatsidwe mapaundi 5 miliyoni. Ife tikunena poyera kuti mphatso imeneyi inali yosayenera.

Oikira kumbuyo mkuluyu amati analemeretsa ligi. Sitikukana. Mu 2015 nyumba zoulutsa mpira pa kanema zinavomera kulipira mapaundi oposa 5 biliyoni kuti zionetse maseŵerowo m'dzikomo kwa zaka zitatu. Koma kodi sindiyo ntchito imene analembedwera? Kodi sankalandira malipiro ochuluka chaka ndi chaka? Mutu umodzi susenza denga. Chumacho chinachokera m'thukuta la oseŵera ndi m'matumba a anthu wamba, kuphatikizapo anyamata athu amene amalipira pakhomo kuti aonere Arsenal ku Ndirande.

Nanga anthu wambawo anapindulanji? Mu 2008 Bambo Scudamore analimbikitsa maganizo akuti timu iliyonse iziseŵera maseŵero a nambala 39 kumaiko akunja, kutali ndi eni ake timuyo. Ochemerera anakana kwamtuwagalu, ndipo maganizowo anafera m'mazira. Mu February 2016 ochemerera Liverpool zikwizikwi anatuluka m'bwalo mpira uli mkati, pa mphindi ya 77, pokwiya ndi tikiti ya mapaundi 77. Mu August 2019, patangopita miyezi yoŵerengeka mphatso ija itavomerezedwa, timu yakale ya Bury inachotsedwa mu ligi yaing'ono chifukwa cha mavuto a ndalama. Akuluakulu ankakhuta anzawo akugona ndi njala.

Aŵerengi, makamaka inu atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma, nkhaniyi musaiyese ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kalaliki wofuna kangachepe asanadinde chikalata, ndi wapampando woyembekezera mbuzi chifukwa mudzi walandira mjigo, ali ndi mtima womwewo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Udindo ndi katundu amene anthu akusenzetsani. Landirani malipiro anu, gwirani ntchito mokhulupirika ndi mosunga mwambo, ndipo tsiku lopuma likafika, tulani katunduyo manja anu ali oyera.