LUSO LA OPHUNZIRA LISATHERE PA CHIONETSERO

Chaka ndi chaka, ophunzira a zaumisiri m'sukulu za ukachenjede akayandikira kumaliza maphunziro awo, amalamulidwa kuti kagulu kalikonse kapange chipangizo chimodzi chothandiza anthu pa vuto lina la m'moyo wawo. Tsiku la chionetsero likafika akulu-akulu amabwera, amayendera matebulo, amaomba m'manja, zithunzi zimajambulidwa, ndipo madzulo ake aliyense amabwerera kwawo ali wokondwa. Koma pali funso limene silifunsidwa kawiri-kawiri: kodi pakatha miyezi isanu ndi umodzi, chipangizo chija chimakhala chili kuti? Zambiri zimapezeka zili pamwamba pa kabati fumbi litazikuta, eni ake atapita kale kukafuna ntchito ya mu ofesi.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri boma la Chiradzulu. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma laling'onoli muli anthu oposa 350,000, othithikana pa minda ing'ono-ing'ono ya m'mapiri ndi m'zigwa. Ndi maboma ochepa okha amene azunguliridwa ndi sukulu zapamwamba monga limeneli. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene kufikira 2021 inkadziwika kuti Polytechnic. Ku Ndata m'boma la Thyolo kuli MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Ndipo m'Chiradzulu mwenimwenimo muli Catholic University ku Nguludi, sukulu ya ntchito zamanja ku Mikolongwe ndi koleji ya za chitukuko cha m'midzi ku Magomero. Nzeru zili pakhomo, mavuto nawonso ali pakhomo, koma ziwirizi sizikumana monga mmene ziyenera kukumanira.

Kuti chipangizo cha ophunzira chingathe kutuluka m'kalasi ndi kukapulumutsa miyoyo, umboni wake suli kutali. Uli pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Lipoti la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO la m'chaka cha 2012 linaonetsa kuti ana 18 mwa ana 100 alionse m'Malawi ankabadwa masiku asanakwane, ndipo pa nthawiyo panalibe dziko lina loposa pamenepa. Khanda lotere limavutika kupuma chifukwa mapapo ake amakhala asanakhwime. Likatulutsa mpweya, timatumba ta m'mapapo timaphwa ndi kumatirirana, kotero kuti kupuma kulikonse kumakhala nkhondo, mpaka khandalo litatopa ndi kuleka. M'maiko olemera muli makina otchedwa CPAP amene amauzira mpweya pang'ono-pang'ono m'mphuno mwa khanda kuti timatumbato tisatsekeke, koma mtengo wake unali madola 6,000 makina amodzi, ndalama zimene chipatala cha boma sichikadatha kutulutsa pa bedi lililonse.

Aphunzitsi awiri a pa Rice University mu mzinda wa Houston ku America, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anayendera chipatalachi mu 2006 ndipo anadzionera okha mmene zinthu zinalili m'chipinda cha makanda. Mavuto amene anamva kwa madokotala ndi anamwino anakawapereka kwa ophunzira awo ngati ntchito ya m'kalasi. Mu 2010 kagulu ka ophunzira, mmodzi mwa iwo ali Jocelyn Brown, kanapanga makina oyamba. Zida zake zinali zoseketsa kwa munthu wozolowera makina onyezimira: bokosi la pulasitiki losungiramo nsapato, botolo la madzi, ndi timapampu tiwiri ta mtundu umene anthu oweta nsomba m'magalasi amaponyera nato mpweya m'madzi. Mpweya wosakaniza ndi okisijeni umapita m'mphuno mwa khanda kudzera m'timapaipi, ndipo nsonga ina ya paipi imamizidwa m'botolo la madzi lija. Kuchuluka kwa madzi m'botolomo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweya. Namwino akaona madzi akubwadamuka amadziwa kuti makina akugwira ntchito. Akaona kuti ali zii, amadziwa kuti mpweya ukuthawira pena. Zida zonse pamodzi zinkadya madola pafupi-fupi 350.

Mu 2012 makinawa anayesedwa pa makanda 87 ku Queen Elizabeth, mothandizidwa ndi madokotala a ana monga Dr. Kondwani Kawaza ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti mwa makanda amene anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse anatuluka m'chipatala ali moyo, pamene mwa amene analandira okisijeni yekha anapulumuka anali 44 pa 100. Makinawa anapatsidwa dzina la Chichewa, Pumani, ndipo Unduna wa Zaumoyo unawafalitsa m'zipatala za boma za m'maboma m'zigawo zonse zitatu.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amachita chidwi ndi bokosi la nsapato ndi timapampu ta nsomba. Koma chinsinsi chake sichili pamenepo. Ophunzira aja sanakhale pansi ndi kulota vuto. Vutolo analipeza kwa anthu amene ankalimbana nalo usiku ndi usana. Atapatsidwa malikisi awo sanasiyire pomwepo. Brown anabwera kudzakhala ku Blantyre, ndipo makinawa anasinthidwa kangapo potsatira zimene anamwino ananena atawagwiritsa ntchito. Namwino amene ali yekha usiku ndi makanda makumi awiri amadziwa bwino kuposa injiniya aliyense kuti chotsegulira chiyenera kukhala pati ndi kuti paipi iti imavuka msanga. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo wophunzira amene amapanga chipangizo cha anthu a kumudzi asanagone kumudziko ngakhale usiku umodzi ndiye safunsa wa masiku ano.

Ngakhale makinawa atafika m'zipatala za m'maboma, ntchito sinathe. Ofufuza amene anapitiriza kuwerenga zotsatira anapeza kuti khanda likafika litazizidwa, mwayi wake wopulumuka umachepa kwambiri ngakhale liikidwe pa Pumani. Izi ndi zina mwa zimene zinabala mgwirizano wa NEST360 mu 2019, umene umapereka zida za chipinda cha makanda zonse pamodzi, zofunditsira, zounikira ana a chikasu ndi zopangira okisijeni, komanso kuphunzitsa anamwino ndi amisiri okonza zidazo zikaonongeka. Kuchokera pa bokosi la nsapato kufika pamenepa panapita zaka zisanu ndi zinayi. Palibe tsiku la chionetsero limene likadatha kuonetsa zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kupweteka mtima wa Mmalawi aliyense m'nkhani yabwinoyi. Vuto linali la kuno, makanda anali a kuno, anamwino anali a kuno, dzina ndi la kuno, koma pamene inafika nthawi yopanga makina ambiri ogulitsa, ntchitoyo inatengedwa ndi kampani ya ku California yotchedwa 3rd Stone Design. Palibe chifukwa chowadzudzulira; iwo anachita chimene kuno kunalibe wochichita. Koma dziko limene limangopereka odwala oyesera pamene ena akupereka fakitale silinafike pa kudzidalira.

Nchifukwa chake chinali chinthu cha nzeru kuti mu 2016 ku Polytechnic kunatsegulidwa chipinda chopangiramo zinthu zatsopano chotchedwa Design Studio, mogwirizana ndi a ku Rice omwewo, kuti ana a Malawi adzipanga okha. Phindu lake linaoneka mu 2020 pa mliri wa Covid-19, pamene malire anatsekedwa ndipo katundu wakunja anasowa: m'chipindachi munatuluka zotchingira kumaso za ogwira ntchito m'zipatala ndi zosambira m'manja zoponda ndi phazi. Luso lilipo, ndipo za zimenezi palibe wotsutsa. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, William Kamkwamba, anaonetsa kale mu 2002 pamene anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotola kudzala, atalephera kulipira fizi ya kusekondale. Chimene chikusowa ndi njira yochokera pa tebulo la chionetsero kupita m'manja mwa munthu amene akufunika chipangizocho.

Chiradzulu ingathe kukhala njira imeneyo, ndipo si koyamba kuti bomali liyesere dziko lonse chinthu chatsopano. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala a ma ARV pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, pa nthawi imene ambiri ankati mankhwala otere sangatheke kumudzi. Boma linadzayamba kuwapereka mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Anthu a m'bomali anaonetsa kuti munthu wa kumudzi akamvetsa phindu la chinthu amachisunga ndi kuchitsata. Anthu omwewo ndiwo ayenera kukhala aphunzitsi a ophunzira a zaumisiri.

Ndipo ntchito yoti ophunzira agwire ndi yosawerengeka. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oweta ng'ombe za mkaka. Mlimi amakama m'mamawa, namanga chigubu pa njinga, nayenda mtunda wautali kupita kumene amasonkhanitsira mkaka. Magetsi akazima kapena dzuwa likamupeza pa njira, mkaka umasasa ndipo thukuta la tsiku lonse limatayidwa pansi. Kodi palibe wophunzira amene angapange choziziritsira chotchipa choyendera dzuwa, choti mmisiri wa pa Mbulumbuzi kapena pa Namadzi angathe kuchikonza chikafa? Ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndi sukulu za anawo pafupi pomwepo. Mwana wosaona amalemba ndi kachitsulo kobayira pa pepala lolimba, ndipo zida zimenezi nzosavuta kotero kuti ndi zomvetsa manyazi kuti zizidikira kuchokera kutsidya kwa nyanja. Njinga za olumala zopangidwira misewu ya tala ya ku Ulaya sizikhalitsa pa miyala ya m'mphepete mwa phiri la Chiradzulu. Amai amene amaphikira pa mafuwa atatu m'khitchini yodzaza utsi, m'boma limene nkhuni zikusowa chaka ndi chaka, analandira mbaula ya dothi ya Chitetezo, koma palibe amene anganene kuti nzeru yonse ya mbaula inathera pomwepo.

Choposa zonsezi ndi chimene chinachitika m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kum'mwera, ndipo matope ndi miyala yochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Likoswe. Anthu akadali kukhala m'munsi mwa mapiri chifukwa malo ena alibe. Chipangizo choyeza kuchuluka kwa mvula ndi kuliza belu kapena kutumiza uthenga pa lamya ya nyakwawa madzi akapyola muyezo si chinthu choposa nzeru za wophunzira wa chaka chomaliza. Koma chiyenera kupangidwa pamodzi ndi eni mudzi, chifukwa belu lolira pakati pa usiku lilibe ntchito ngati anthu sanagwirizane kale za kumene adzathawire ndi amene adzanyamule agogo.

Ena adzati sukulu ya ukachenjede si malo opangirako mbaula ndi zigubu. Maganizo amenewa ndi achilendo m'Chiradzulu. Pamene M'busa John Chilembwe anabwerera kuchokera ku Lynchburg ku America nakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900, anaitcha Providence Industrial Mission, ndipo liu lapakatilo sanaliike mwangozi: pambali pa kuwerenga ndi kulemba, anthu ankaphunzira kusoka, kulima ndi kuumba njerwa, mpaka anamanga okha tchalitchi chachikulu. Dr. Daniel Malekebu, mwana wa m'boma lomweli amene anaphunzira udokotala ku America, anatsegulanso mishoniyo mu 1926. Anthu ophunzira kwambiri a m'nthawi yawo sanaone ngati ntchito ya manja ikuwachotsera ulemu.

Zofunika kuchita sizidya ndalama zambiri. Khonsolo ya boma la Chiradzulu, pamodzi ndi mafumu, anamwino, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi, ilembe mavuto enieni amene chipangizo chingathetse, ndi kuwatumiza ku sukulu zija chaka cha maphunziro chisanayambe. Ophunzira amene asankha vuto akakhale sabata zingapo ku Namitambo kapena ku Thumbwe asanajambule kanthu kalikonse pa pepala. Akulu a sukulu aganizirenso za kaperekedwe ka malikisi: gawo lina lisungidwe kufikira chipangizo chitagwira ntchito m'manja mwa eni ake, chitanyowa ndi mvula, chitagwa pansi, chitakonzedwa ndi mmisiri wa pa msika. Ophunzira a ku Mikolongwe ndi ena a pansi pa TEVETA, amene amadziwa kuwotcherera ndi kupala matabwa, akhale nawo m'kagulu kuyambira tsiku loyamba, pakuti ndiwo adzapange chachiwiri ndi chachikhumi injiniya atapita.

Chovuta kwambiri ndi msika. Wophunzira amene wangomaliza sukulu alibe ndalama zopititsira chipangizo chake ku Malawi Bureau of Standards kuti chikayesedwe, ndipo popanda chiphaso nkovuta kuti chipatala kapena sukulu ya boma ichigule. Apa ndi pamene zinthu zabwino zambiri zimafera. Maunduna ndi mabungwe amene chaka chilichonse amaitanitsa katundu wa mtundu womwewo kuchokera kunja apatule kagawo kochepa kogulira zopangidwa kuno zimene zapambana mayeso, ngakhale zikhale makumi awiri okha poyamba, ndipo Khonsolo ya Chiradzulu ikhale yoyamba kupempha kuti makumi awiriwo adzayesedwe m'midzi yake.