Chisanu sachithawira m'nyumba

Pamene ndikulemba zino nthawi ili 3 koloko masana, koma panja pada kale bii. Kachipangizo koyezera kuzizira kamene tinakhoma kunja kwa zenera la kukhitchini kakuloza madigiri 24 pansi pa ziro. Mayi anga akandiimbira foni kuchokera ku Dedza, funso lawo limakhala lomwelomwelo: "Nanga mwanawe, kumeneko mumatuluka panja ngati?" Lero ndati ndiwayankhe bwinobwino pamaso panu nonse, chifukwa nkhani ya kutulukayi inatsala pang'ono kundipasulira banja.

Tikukhala ku Jokkmokk, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Sweden, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Stockholm. Ndi katauni ka anthu pafupifupi 3,000, kozunguliridwa ndi nkhalango za paini ndi nyanja zing'onozing'ono. Mzere umene pamapu amaulemba kuti Arctic Circle umadutsa chakum'mwera pang'ono kwa tauniyi. Ndiye mu June dzuwa sililowa n'komwe, pamene mu December limangosuzumira pamwamba pa mitengo n'kubwerera. Chipale chofewa chimayamba kugwa cha mu October ndipo chimakhala pansi mpaka cha mu April kapena May. Werengani nokha, imeneyo ndi theka la chaka.

Ndinabwera kuno kutsatira bambo a kunyumba atapeza ntchito, nditatenga mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi. Ndinkadzitama kuti ine ndine wa ku Dedza, chisanu cha mu June ndinakulira momwemo. Ndipo nzeru imene ndinabwera nayo inali ya kwathu: kukazizira, thawira pamoto. Mdima utayamba mu November ndinatseka makatani, n'kudzikulunga m'bulangete, foni m'manja. Ndinkaonera mavidiyo a maukwati a kumudzi pa WhatsApp mpaka maso kuwawa. Masana tulo, usiku maso gwa. Kenako ndinayamba kulira popanda chondiliza. Bambo akabwera ku ntchito ndinkawalandira ndi mkwiyo ngati kuti dzuwalo analibisa ndi iwo. Tsiku lina, Khirisimasi itayandikira, ndinawauza kuti, "Abambo, ndiguleni tikiti. Ine ndi mwanayu tikupita, inu mutsale ndi chipale chanucho." Anangokhala chete n'kulowa kuchipinda. Sabata imeneyo m'nyumba munalibe kuseka.

Ndinayambananso ndi aphunzitsi a kusukulu ya mkaka. Ndinapita kukatenga mwana n'kupeza ana onse ali panja, akugubuduzika m'chipale, kuzizira kuli madigiri 15 pansi pa ziro. Pakhonde panali tingolo ta makanda, makandawo ali m'tulo momwemo, panja. Mtima wanga unangoti phwii. Ndinalankhula mawu amene lero ndikawakumbukira ndimachita nawo manyazi. Mphunzitsiyo sanakweze mawu. Anangondiuza kuti ndipise dzanja kukhosi kwa mwana wanga, kuseri kwa jekete. Ndinapisa. Mwana anali wofunda ngati wangochoka kumene pamsana. Anandifotokozera kuti kuno mwana amavala zovala zosanjikiza: choyamba chaubweya wa nkhosa chogunda thupi, chachiwiri chofunditsa, chachitatu chotchinga mphepo ndi chinyezi. Chathonje sichifunika pafupi ndi khungu chifukwa chimasunga thukuta, ndipo thukuta likazizira ndi limene limadwalitsa. Ine ndinkamuveka masiketi athonje atatu n'kumaganiza kuti ndachita zanzeru. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Koma amene ananditulutsa m'nyumba ndi gogo wina woyandikana nafe, mayi wa zaka zoposa 70 amene amakhala yekha. Kuno aliyense amatchulidwa dzina lake, kaya ndi nkhalamba kaya ndi bwana, koma ine pakamwa panga panakana, mpaka lero ndimangoti gogo ndipo anazolowera. Anagogoda cha m'ma 11 koloko m'mawa n'kunena kuti, "Makatani ako ndawaona otseka milungu itatu. Vala tipite. Kuwala kwayamba, ndipo sikudikira munthu." Ndinafuna kukana, koma mungamukanire bwanji munthu wamkulu ataimirira pakhomo?

Panja anali ataimika chinthu chimene kuno amati spark. Ndi kampando kamatabwa kokhomeredwa pa zitsulo ziwiri zazitali zotsetsereka. Umaponda chitsulo chimodzi ndi phazi limodzi, linalo n'kumakankha pansi, manja atagwira kumsana kwa mpandowo. Agogo a kuno amapita nacho kusitolo, katundu kapena mdzukulu ali pampando. Tsiku limenelo pampando panakhala ine, mayi wamkulu ndithu, gogo akundikankha mpaka kunyanja ya Talvatis imene ili m'mphepete mwa tauni. Kumwamba kunali kofiirira, chipale chikunyezimira mobiriwira, phokoso lokhalo linali la zitsulo zija. Ndinaseka koyamba m'mwezi wathunthu.

Gogo anandipatsa lamulo limodzi: tsiku lililonse, pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko, uzikhala panja, ngakhale kwa theka la ola. Pambuyo pake namwino wa kuchipatala anandiuza zofanana, kuti thupi limadziwa nthawi yogona ndi yodzuka poona kuwala, ndipo munthu akakhala mumdima tsiku lonse tulo ndi maganizo zimasokonekera. Anandiuzanso za vitamini D. Khungu limapanga vitamini ameneyu likawombedwa ndi dzuwa, koma dzuwa la kuno m'nyengo yozizira n'lopanda mphamvu, ndipo khungu lakuda ngati lathuli limafuna dzuwa lochuluka. Ana onse osafika zaka ziwiri amapatsidwa madontho ake, ndipo ife a m'nyumba muno tonse timamwa mapiritsi.

Nditayamba kutuluka ndinaona kuti tauni imene ndinkaiyesa yakufa ili ndi moyo wake. M'nkhalango muli tinjira tokonzedwa ndi makina, tokhala ndi magetsi, timene anthu akaweruka ku ntchito amathamangamo pa ski, timatabwa titalititali tomangirira kumapazi. Ine tsiku loyamba ndinagwa kasanu ndi kawiri, mwana wanga akuwerenga mokweza. Lero amandisiya kutali. Lamulo la dziko lino limalola aliyense kuyenda m'nkhalango, ngakhale ya mwini, bola usawononge kanthu komanso usayandikire pakhomo pa munthu. Ndiye Loweruka mabanja amanyamula nkhuni, soseji ndi ketulo ya khofi, n'kukasonkha moto pachipale. Kuwotha moto ndi anzako uku mukucheza, abale, kumeneko ndiye ndinamva ngati ndafika kwathu.

Bambo a kunyumba, amene anakulira ku Nkhotakota, anapeza chawo: kuwedza. Nyanja ikauma amaboola dzenje ndi chitsulo chozungulira ngati chobooletsa matabwa, n'kuponyamo mbedza ndi kandodo kakafupi. Atha kukhala maola atatu pachikopa n'kubwera ndi tinsomba tinayi, koma nkhope ili mwee. Ndi pamphepete pa dzenje loterolo pamene tinakambirana nkhani ya tikiti ija. Anandiuza kuti nawonso ankalira m'galimoto popita ku ntchito, koma ankaopa kundiuza kuti angandifooketse. Tinali awiri m'nyumba imodzi, aliyense akubisira mnzake matenda omwewo.

Musandimve molakwa, chisanu cha kuno si chamasewera. Mu January 2024, ku Kvikkjokk, m'boma lathu lomweli, kuzizira kunafika madigiri 43.6 pansi pa ziro. Masiku oterowo ngakhale eni dziko amachepetsa maulendo. Pamadzi oundana sakwerapo asanayeze. Amafuna akhuthale masentimita 10 kapena kuposa, ndipo amakoleka m'khosi tizitsulo tosongoka todzikokera nato ngati munthu wagweramo. Galimoto imavala matayala a nyengo yozizira, lamulo limatero kuyambira pa 1 December mpaka pa 31 March, ndipo usiku timailumikiza ku magetsi kuti injini ifunde. Woyenda pansi amavala kanthu konyezimira kuti oyendetsa galimoto amuone. Tikakhala panja timayang'anana masaya ndi mphuno. Khungu la mzungu likayamba kuuma ndi chisanu limayera, koma lathuli limangotuwa pang'ono, ndiye ndinaphunzitsa mwana kuti akangomva dzanzi anene msanga. Pamalopo sitipakhula, timangophimba ndi dzanja lofunda.

Mwezi wamawa tauni yathu idzadzaza. Lachinayi loyamba la February kumayamba msika waukulu wa masiku atatu umene wakhala ukuchitika kuyambira mu 1605, m'nthawi ya mfumu Karl IX. Ndi msika wa Asami, eni nthaka a kumpoto kuno, amene ena mwa iwo amaweta nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer. Amabwera atavala zovala zawo za buluu, zofiira ndi zachikasu, kudzagulitsa mipeni, zikopa, nyama yofutsa ndi zosemasema, komanso kudzaonana ndi achibale. Nyama zija zimayenda pamzere pakati pa msika, ndipo panyanja ya Talvatis zimapikisana kukoka anthu. Alendo zikwizikwi amagula ndi kudya ali panja, mpweya ukufuka m'kamwa. Ndikaona zimenezi ndimati, anthu awa akanati azidikira kuti kufunde, bwenzi theka la moyo wawo litathera pazenera.

Ndiye mayi, yankho lanu ndi limeneli: timatuluka, tsiku ndi tsiku, ndipo tikapanda kutuluka ndi pamene timadwala.

Kwa inu amene muli ndi m'bale kumaiko ozizira, kaya ku Scotland, ku Canada kapena kuno, ndikupempheni kanthu. Mukamuimbira foni miyezi ino, musayambe ndi nkhani ya fetereza ndi fizi. Mufunseni ngati wagona bwino. Mufunseni ngati lero waona kuwala, ndiponso ngati ali ndi munthu wogogoda pakhomo pake. Ambiri sanena, poopa kuti kumudzi aziti wakhuta. Ndipo inu amene mukuwerenga muli m'bulangete, makatani otseka, mawa 11 koloko ikakwana valani mutuluke. Zikapitirira, kaonaneni ndi adokotala, si zamanyazi.

Ine ndisiyire pomwepa. Gogo wadwala bondo sabata ino, ndiye mawa pampando paja akhala ndi iwo, wokankha ndine.