ZA UMOYO WA M'BANJA: Magazi pa Mswachi

Ambiri a ife tinakula tikukhulupirira kuti munthu akakalamba mano ayenera kuguluka, monga momwe imvi zimafikira pamutu. Tikaona agogo akulephera kutafuna chimanga chootcha kapena kusenda nzimbe, timangoti ndi ukalamba umenewo. Koma zaka pazokha sizigulula dzino. Mano ambiri a akuluakulu amatha ndi zinthu ziwiri, kubooka ndi chiseyeye. Mwezi uno tikambirane za chiseyeye, pakuti chimalowa mwakachetechete, popanda ululu, kufikira dzino losabooka nkomwe litayamba kugwedera.

Chiyambi chake nchaching'ono. Tsiku ndi tsiku pamano pamamata zoyera zofewa zimene mungathe kuzipala ndi chikhadabo, ndipo m'menemo mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso. Zomatazi zikakhalitsa pamene dzino likumana ndi usinini, usinini umafiira, umatupa, ndipo ukakhudzidwa umatuluka magazi. Apa ndi pamene timasokera. Munthu akalavula magazi potsuka mano amaganiza kuti mswachi wamulasa, tsono amaleka kutsuka mbali imeneyo kuti pachire. Kuteroko ndi kulekerera udzu m'munda. Usinini wabwinobwino sutuluka magazi, ndipo pamene patuluka magazi ndi pamene pafunika kutsuka mofatsa tsiku lililonse. Matendawa akadali apa, kawirikawiri magazi amaleka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, usinini nkubwerera mwakale.

Tikanyalanyaza, zomata zija zimauma ndi kusanduka ngati mwala wachikasu kapena wakuda, makamaka kuseri kwa mano am'munsi akutsogolo. Mwala umenewu suchoka ndi mswachi. Usinini umayamba kukanganuka kudzino, nkusiya kampata kamene tizilombo timabisalamo. Achipatala amayeza kampatako ndi kachitsulo: mpaka mamilimita 3 zili bwino, koma kuyambira 4 kunka mtsogolo ndiye kuti matenda azika mizu. Pang'onopang'ono fupa logwira dzino limadyeka, ndipo fupa lodyeka silimeranso lokha. Mano amaoneka ngati atalika, amatalikirana, pena pamatuluka mafinya, ndipo m'kamwa mumanunkha ngakhale munthu atatsuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti akuluakulu pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse ali ndi chiseyeye chofika pamenepa.

Za fungolo tinenepo pang'ono. Mwini wake salimva, ndipo anzake a kukwaya kapena ku Chigwirizano amangopotoza nkhope osanena kanthu. Woyenera kunena ndi wa m'nyumba. Mkazi auze mwamuna wake, mwamuna auze mkazi wake, paokha ndiponso mwaulemu.

Pali ena amene matendawa amawagwira msanga. Oyamba ndi osuta fodya, pamodzi ndi amene amamuika m'kamwa. Fodya ndi wonyenga, pakuti amachepetsa magazi ofika ku usinini, kotero wosuta saona chenjezo lija ngakhale fupa likutha. Achiwiri ndi odwala matenda a shuga: shuga akakwera chiseyeye chimakula, ndipo chiseyeye nacho chimachititsa kuti shuga avute kutsika. Amene ali ndi kachilombo ka HIV asamale chimodzimodzi. Amayi oyembekezera nawonso amatupa usinini kawirikawiri, ndipo asaope kukaonetsa mano, chifukwa kuyeretsa mano kuchipatala sikuvulaza mwana ali m'mimba.

Kupewa kwake nkwapafupi. Tsukani mano kawiri pa tsiku kwa mphindi ziwiri, ndipo kutsuka kwa usiku musanagone kusaphonyeke. Mswachi ukhale wofewa, woloza pamene dzino likumana ndi usinini, ndipo uyende mozungulira pang'onopang'ono, kunja ndi mkati momwe. Kukwecha mwamphamvu ngati mukutsuka mphika kumangobweza usinini m'mbuyo. Makala, phulusa ndi mchenga zimaperesa dzino, zilekeni. Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fluoride, ndipo mukatha mulavule osachukucha ndi madzi. Amene alibe mswachi wa kusitolo asataye mtima: wa kamtengo, wotafunidwa bwino kunsonga, umagwira ntchito ngati ufika mbali zonse. Pakati pa mano, pamene mswachi sufika, pamafuna ulusi wake wotsukira kamodzi pa tsiku. Singano ndi mapini zisalowemo. Magwafa, mango ndi malambe zisasowenso pakhomo, pakuti kusowa kwa vitamini C nako kumatulutsa magazi mu usinini.

Mwala uja ukamata kale, wouchotsa ndi wachipatala cha mano yekha, amene amaupala ndi zida zake mpaka kunsi kwa usinini. Tamvapo anthu akuletsana kuti kupalitsa mano kumawagwedeza. Zimene zimachitika nzakuti mwala ndiwo unabisa mipata ndi kumanga pamodzi mano amene fupa lawo linadyeka kale. Ukachoka mano amanyerenyetsa ndi madzi ozizira kwa masiku angapo, pambuyo pake kutupa kumatha ndipo matenda amaima. Madzi ofunda amchere amatonthoza usinini koma sachotsa mwala. Makapusozi ogula pamsika sauchotsanso, ndipo Aspirin woika pa usinini amangotentha mnofu.

Tsono mukapita kuchipatala cha boma kapena cha mishoni, musadikire tsiku lokazula dzino. Pitani ngati magazi sakuleka patatha sabata ziwiri mukutsuka bwino, ndipo mukapemphe kuti akuoneni usinini, mukanenenso ngati muli ndi shuga kapena pathupi. Koma tsaya likatupa, thupi nkutentha, kapena kumeza kukavuta, pitani tsiku lomwelo.